Denga lodontha ndi la aneba, khoma lonyowa ndi langa: nditani?

Funso

Ndimakhala ku Mufakose, mumzinda wa Harare ku Zimbabwe, m'nyumba zija zogundana, mabanja awiri denga limodzi. Nyumbayi anatisiyira ndi malemu bambo anga. Chiyambire mvula, khoma la kuchipinda kwa ana, lomwe timagawana ndi aneba, likungokhala lonyowa kuyambira kumwamba. Penti akusupuka, zovala zikununkha chuku, ndipo mwana wamng'ono sakuleka kutsokomola usiku. Mbali yathu ya denga tinakonzetsa chaka chatha. Mbali ya anebawo lata lina ndi losweka, limaoneka ngakhale uli pansi. Eni nyumbayo ali ku Joni, muli maloja, anthu a lendi, ndipo malojawo akuti si nkhani yawo. Achimwene anga akuti tingopaka penti woletsa madzi, bambo a kunyumba akuti tipite kupolisi. Ndithandizeni nzeru.

Mayi wa ana atatu, Mufakose

Yankho

Mayi, pepani ndi vutoli. Achimwene anu ndi bambo a kunyumba onse akufunira banja zabwino, koma penti ndi polisi muyambe mwaziika pambali. Penti saletsa madzi ochokera kumwamba, ndipo apolisi akakubwezani kuti palibe waba kapena wamenya mnzake, kakambiraneni. Khoma lanu lidzauma pokhapokha madzi atatsekedwa pamene akulowera. Poti malowo ali pa denga la munthu wina, ntchito yanu yaikulu ndi kumupeza mwini nyumbayo ndi kumufikitsa povomera. Za simenti ndi penti zibwera pamapeto.

Pali zina zosadikira mawa. Ngati pa khoma lonyowalo pali soketi, zimitsani magetsi a chipindacho pa bokosi lalikulu, asayatsidwenso mpaka wodziwa za magetsi ataona. Madzi amatsata mapaipi a mawaya m'kati mwa khoma, moti soketi imatha kuoneka youma kunja pomwe m'kati mwadzaza madzi. Musadalire zoti magetsi a ZESA, kampani ya boma ya magetsi, amakhalitsa asanabwere, chifukwa amakonda kubwera pakati pa usiku nonse muli m'tulo. Ngati chipindacho chili ndi siling'i ndipo yayamba kulendewera, ikani ndowa pansi, muboole kabowo ndi msomali pamene yatsika kwambiri, madziwo atuluke isanagwere munthu.

Mwanayo msamutseni agone kwina, ngakhale pabalaza, ndipo mupite naye kukiliniki. Zoyambitsa chifuwa cha usiku n'zambiri, koma akuchipatala muwauze za khomalo. Bungwe la WHO, loona za umoyo padziko lonse, linatulutsa malangizo mu 2009 osonyeza kuti kukhala m'nyumba ya chinyontho ndi nkhungu kumayenderana ndi kutsokomola, kubanika ndi kukula kwa mphumu. Bedi ndi zoikamo zovala zichoke kukhomako, matiresi azionako dzuwa likawala, mazenera azikhala otsegula masana. Ndipo chonde musayese kuumitsa chipinda poika mbaula n'kutseka chitseko. Makala amatulutsa mpweya wakupha wopanda fungo, umene umagoneka munthu osadzukanso.

Tsopano titsimikize kuti madziwo akuchokeradi kwa aneba. Ndikudziwa lata loswekalo mwaliona ndi maso anu, koma madzi ndi achinyengo, amalowa pena n'kukatulukira pena. Chinyontho chochokera pansi chimayambira m'munsi mwa khoma, sichikonda kupyola mita imodzi, ndipo chimasiya mzere ndi ufa woyera wonga mchere. Chochokera ku mpweya wa m'nyumba, monga wa kupuma kwa anthu ambiri m'chipinda chotseka, kuphika ndi kuyanika zovala m'kati, chimabweretsa timadontho takuda m'makona ndi kuseri kwa katundu, ndipo chimavuta kwambiri m'miyezi yozizira ya Juni ndi Julayi. Chanucho chikuyambira kumwamba ndipo chabwera ndi mvula, ndiye n'cha denga. Komabe yesani ichi: dulani kapepala ka pulasitiki konga chikhatho, mukamate pakhomapo ndi selotepi mbali zonse zinayi, mukasiye masiku awiri. Kakanyowa kunja, vuto ndi mpweya wa m'chipinda. Kakanyowa kunsi, madzi ali m'khoma. Mutengenso pensulo, muzungulize malire a banga lonyowalo n'kulembapo tsiku. Mvula ikagwanso mudzaona ngati banga ladumpha mzerewo ndi mbali imene likukulira. Zonsezi muzijambula pafoni.

Kuti mumvetse zimene zikuchitika pamwambapo, kumbukirani mmene nyumbazi zinamangidwira. Zambiri zakale za ku Mufakose, Mabvuku, Tafara ndi Highfield zinamangidwa nthawi ya atsamunda ziwiriziwiri, khoma la pakati limodzi, ndi denga la asibesitosi lopitirira pamwamba pa mabanja onse awiri. Pamapepala ndi nyumba ziwiri, koma kwa mmisiri ndi nyumba imodzi. Matabwa okhomerapo malata amadutsa pamwamba pa khoma la pakatilo kuchoka kwa aneba kufika kwanu. Lata likang'ambika mbali yawo, madzi amayenda kunsi kwa latalo kapena kutsata thabwa mpaka atagunda khoma, n'kudonthera pamutu pake. Pamutu pa khoma sipapakidwa pulasitala, ndi njerwa zosavala, ndiye zimamwa madziwo n'kuwagawira mbali zonse ziwiri.

Madziwo si ochepa ayi. Mvula ya milimita imodzi ikagwa pa malo a mita imodzi m'litali ndi mita imodzi m'lifupi, ndi lita imodzi ya madzi. Harare imalandira mamilimita oposa 800 pachaka, ambiri mwa iwo pakati pa Novembala ndi Malichi. Ndiye kuti kamalo kakang'onoko ka denga kamalandira migolo inayi ya malita 200 pa dzinja limodzi. Mng'alu sumwa mvula yogwera pa iwo yokha, umalandiranso madzi onse otsetsereka kuchokera kumsonga.

Apa pali mfundo imene ingakuthandizeni: ngati khomalo likumwa kuchokera pamutu, mbali ya malojawo nayonso ndi yonyowa. Apempheni mwaulemu mukaone chipinda chawo chogundana ndi chanucho. Mukapeza kuti nawonso akuvutika, mwapeza anzanu pa nkhaniyi.

Koma palinso mfundo ina imene mwina simuikonda. Mwanena kuti mbali yanu munakonzetsa chaka chatha, ndipo vuto layamba dzinja lino. Mmisiri wanuyo anachita chiyani kwenikweni? Masiku ano ambiri akuchotsa asibesitosi n'kuika malata achitsulo mbali yawo yokha. Mizere ya malata atsopano sigwirizana ndi ya akale, ndipo pamene awiriwo akumanirana ndi pamwamba penipeni pa khoma la pakati. Mmisiri waulesi amangomatapo simenti. Chitsulo chimafutukuka dzuwa likatentha n'kubwerera usiku, simenti ija imang'ambika chaka chisanathe, madzi n'kupeza njira. Ngakhale anaika asibesitosi yemweyo, poponda ndi pokhoma amatha kusweratu lata la aneba loyandikana nalo. Musanaloze munthu chala, pezani mmisiri wina, osati yemwe uja, aone polumikizirapo, malata a pamsonga, ndi misomali yonse ngati mawashala ake a labala sanafumbutuke. Tsiku lopanda mvula, wina akhale m'chipinda ndi tochi, wina pa makwerero azithira madzi pang'onopang'ono kuyambira m'munsi mwa denga kukwera m'mwamba, malo amodzi mphindi zingapo asanasunthe. Paipi safunika, poti kumpopi madzi ake ndi a mwayi. Chigubu cha kumjigo chikwana. Mukayambira kumsonga madzi amanyowetsa paliponse ndipo simudziwa pamene alowera.

Tinene kuti zatsimikizika, ndi lata la aneba. Malojawo sakunama kwenikweni, chifukwa kukonza denga ndi udindo wa mwini nyumba. Koma munthu aliyense wokhala pa lendi amadziwa kumene ndalama yake imapita kutha kwa mwezi. Pali nambala ya foni, kapena pali mbale amene amadzatolera. Imeneyo ndiyo mukufuna kwa iwo, osati mkangano.

Mwini nyumbayo mulembereni pa WhatsApp, kuti mawu akhale osungika. Yambani ndi moni ndi kufunsa za kumene aliko, monga mwa chikhalidwe chathu, kenako zithunzi: lata losweka, khoma lanu, ndi khoma la mbali yawo ngati malojawo alola. Musayambe ndi mawu oti mwandiwonongera nyumba. Muuzeni kuti nyumba yake ikuwonongeka, matabwa ake akuwola, ndipo inu amene muli pafupi mwapeza kale mmisiri, mtengo wake ndi uwu. Munthu wa ku Joni amalandira mauthenga opempha ndalama tsiku ndi tsiku, ndipo ambiri anapwetekedwapo ndi abale amene analandira ndalama ya malata n'kudya. Mukamutumizira mtengo wolembedwa ndi mmisiri, wosiyanitsa zipangizo ndi ntchito, ndi lonjezo la malisiti ndi zithunzi ntchito ikatha, mwamuchotsera mantha amenewo. Njira yosavuta kwa iye nthawi zambiri ndi kulola malojawo alipire mmisiri n'kuchotsera pa lendi ya mwezi umenewo. Koma chilolezocho achilembe yekha, malojawo angadzaimbidwe mlandu wosalipira lendi.

Maganizo anga ndi awa, ngakhale bambo a kunyumba mwina sawalandira: ngati vuto ndi lata limodzi ndi mawashala, ndipo mwiniyo akuzengereza, dziperekeni kulipira theka. Pa chilungamo si udindo wanu, ndikuvomera. Koma werengerani mtengo wa lata limodzi, kenako muwerengere pulasitala, penti, zovala, matiresi ndi maulendo a kukiliniki dzinja lililonse. Chimene mwagwirizana chilembedwe: ndani akulipira chiyani, m'madola a ku America kapena mu ZiG, ndalama ya dziko lino, ndiponso ngati mudzabwezeredwa, liti.

Chimene musachite ndi kukweza mmisiri pa denga lawo popanda chilolezo cha mwini wake, ngakhale mtima ukuwawa chotani. Mukatero, kudontha kulikonse kwa m'nyumba imeneyo kuyambira tsikulo kudzakhala kwa inu, ndipo amene anali wolakwa adzasanduka wodandaula.

Akapanda kuyankha, musathamangire kwa loya. Ambirife m'makomboni muno makolo athu anadziwana kalekale, ena anachokera boma limodzi ku Malawi. Pali akuluakulu a mpingo, kaya ku CCAP kaya kumzikiti, pali a bungwe lothandizana pa maliro, pali khansala wa dera lanu. Munthu amene sayankha foni ya aneba amayankha ya mkulu amene anaika maliro a bambo ake. Mufufuzenso ngati amene ali ku Joniyo ndi mwini wake weniweni. Nyumba zambiri zakalezi zidakali m'dzina la malemu, ana akukanganirana, aliyense akufuna lendi koma palibe wofuna kugula msomali. Zikakhala choncho, woyankhula naye ndi amene anasankhidwa kuyendetsa chuma cha masiye kudzera ku ofesi ya Master of the High Court kapena kukhoti la majisitireti. Palinso nyumba zina zimene zidakali za khonsolo, anthu akungolipira lendi. Pamenepo dandaulo limapita ku ofesi ya khonsolo ya m'dera lanu. Inunso, poti yanuyo munasiyiridwa, onani mapepala anu ali m'dzina la yani, chifukwa funso loyamba ku ofesi iliyonse lidzakhala limenelo.

Pa kakonzedwe kake, mmisiri wanu muzimuyang'anira. Malata awa ndi simenti yosakaniza ndi ulusi wa asibesitosi, wa mtundu umene unkakumbidwa ku Zvishavane ndi ku Mashava. Akakhala osasweka ndi osagwedezedwa savuta kwenikweni, koma fumbi lake likalowa m'mapapo limayambitsa matenda oopsa, khansa yomwe, amene amadzaonekera patapita zaka zambiri. Choncho asadule ndi chopukusira cha magetsi, asakwechese ndi bulashi ya waya pouma. Anyowetse kaye, avale chotchinga mphuno ndi pakamwa, ana akhale kutali, ndipo zidutswa zisasiyidwe pabwalo kuti ana aziseweretsa kapena amayi azitchingira moto. Lata lakale la asibesitosi limaphwanyika mosachenjeza, munthu n'kugwera m'nyumba, ndiye aziponda pa thabwa loyalidwa modutsa matabwa a denga. Kamng'alu kakang'ono kamatsekeka ndi kansalu komatira padenga ndi penti wake woletsa madzi, wopakidwa kangapo. Lata losweka ngati limene mukunenalo lichoke lonse, pabwere lina la mizere yofanana, ndipo lam'mwamba liphimbe lam'munsi ndi mamilimita osachepera 150. Zothira phula, zomata simenti ndi zotsendereza ndi matayala ndi miyala zimangokufikitsani ku mvula yotsatira. Poyembekezera, pepala lolimba la pulasitiki lolowetsedwa kunsi kwa lata la m'mwamba, mwini wake atalola, lingakupumitseni milungu ingapo.

Zonsezi zikakanika, lemberani mwini nyumbayo kalata yeniyeni, ya tsiku ndi siginecha, yofotokoza vuto, zimene zawonongeka, ndi kumupatsa nthawi, tinene masiku 14. Imodzi kwa malojawo, chithunzi chake kwa mwiniyo pa WhatsApp, ina musunge. Kalatayi ndi yofunika chifukwa pa lamulo pali kusiyana pakati pa munthu amene sankadziwa kuti denga lake likuwononga za mnzake ndi amene anauzidwa n'kungokhala.

Kenako pitani ku ofesi ya khonsolo ya City of Harare m'dera lanu, mufunse oyendera zaumoyo. Lamulo la Public Health Act la 2018 limapatsa makhonsolo mphamvu yolamula mwini nyumba kukonza malo amene akuika thanzi la anthu pangozi. Tengani zithunzi ndi kabuku ka kukiliniki ka mwanayo, ndipo konzekerani kubwererako kangapo. Koma musanaitane munthu wa khonsolo, yang'anani pabwalo panu. Ngati kuseri kuli kachipinda komangidwa popanda pulani yovomerezeka, woyenderayo sadzatseka maso pofika. Amene tinaona Murambatsvina mu 2005, boma likugwetsa nyumba zosavomerezeka, tikudziwa mmene nkhani ya tizipinda ta kuseri imathera. Sindikuti muope, ndikuti mupite mukudziwa.

Khoti lilipo. Malamulo a dziko lino salola munthu kusiya malo ake aziwononga a mnzake mopyola muyeso, ndipo mungathe kupempha kuti akubwezereni zimene mwawononga pokonza. Ndalama ikakhala yochepa pali Small Claims Court, imene inakhazikitsidwira anthu wamba. Kuti khoti limulamule kukonza dengalo, pamafunika kupeza uphungu wa loya. A Legal Aid Directorate, omwe ndi a boma, ndi a Legal Resources Foundation amathandiza anthu osowa ndalama. Dziwani kuti pa lamulo la Prescription Act, nkhani yofuna ndalama ngati iyi imatha mphamvu pakadutsa zaka zitatu. Chiyankhulo chisakuopseni: Chichewa chili m'gulu la ziyankhulo 16 zovomerezeka m'malamulo aakulu a dziko a 2013, ndipo mungapemphe womasulira. Komabe kuzenga mlandu munthu amene ali kunja kwa dziko n'kovuta ndiponso kochedwa, ndipo miyezi yonseyo mvula idzakhala ikugwa. N'chifukwa chake ndakhalitsa pa zokambirana.

Tibwerere kwa achimwene anu ndi penti wawo. Mukapaka penti wa mafuta kapena woletsa madzi pa khoma lonyowa, mwatsekera madziwo m'kati. Kwa mwezi umodzi chipinda chidzawala, chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Kenako penti adzatupa matuza, pulasitala adzafumbutuka, ndipo chinyontho chidzasamukira kukhoma lina.

Denga likatsekedwa, palani penti yense wosupuka. Gogodani khoma ndi chigwiriro cha supuni: pamene pakulira ngati m'kati mulibe kanthu, pulasitala walekana ndi njerwa, agumulidwe. Ufa woyera uja muzisesa ndi bulashi youma, osatsuka ndi madzi, chifukwa mchere umasungunuka n'kubwerera m'khoma. Pa nkhungu, sakanizani kapu imodzi ya Jik m'malita anayi a madzi, muvale magolovesi, mazenera ali otsegula, ana ali panja. Musasakanize Jik ndi mankhwala ena otsukira, makamaka a m'chimbudzi, chifukwa zimatulutsa mpweya wapoizoni. Mmisiri aonenso matabwa a pamwamba pa khomalo: abaye ndi msomali, likafewa lawola, ndipo thabwa lonyowa limaitana chiswe.

Chotsala ndi kudikira, ndipo apa ndi pamene ambiri amalephera. Amisiri timawerengera kuti khoma lokhuta madzi limauma pafupifupi mamilimita 25 a kuchindikala kwake pamwezi. Khoma la njerwa imodzi, la mamilimita 115, lingafune miyezi inayi kapena isanu, la njerwa ziwiri kuposa pamenepo, ngakhale mphepo youma ya Ogasiti imafulumizitsako. Ndiye denga likonzedwe pompano mvula ili m'kati, khoma likhale losavala nyengo yonse yozizira, pulasitala mupake cha mu Seputembala, mumupatse milungu inayi, penti abwere mu Okutobala. Akhale penti wa madzi, wa PVA, amene amalola khoma kupuma. Musanatsegule chitini, bwerezani kapepala ka pulasitiki kaja masiku awiri. Kakanyowa kunsi, chitinicho chidikire kaye.